Mawu a Kuseri kwa Nyimbo

1

"Agogo, chilichonse m'nyumba muno gwirani, sunthani, pukutani mmene mungafunire. Koma kaseti iyi musaikhudze mpaka Loweruka. Mwamva?"

Anandiuza choncho mdzukulu wanga, chala chili m'mwamba ngati mphunzitsi. Ndinavomera ndi mutu. Sindinamvere.

M'nyumba mwathu wochenjeza anthu ndine. Usagone foni ili pansi pa pilo. Usatsegule chitseko usanafunse kuti ndani. Mvula ikamagunda zula wailesi kukhoma. Usakwere pampando, mipando ina ili ndi mwendo wabodza. Kusukulu sindinapondeko, zikalata ndimasayina ndi chala, ndipo zomwe mukuwerengazi akundilembera ndi mpongozi wanga. Koma maso ndi makutu Mulungu anandipatsa akuthwa. Geti likangolira ndimadziwa wabwera ndi ndani.

Mtsikanayu ndinamulera ndekha kuyambira ali ndi zaka ziwiri, mayi ake atamwalira. Mayi akewo anali mwana wanga wamkazi yekhayo. Bambo ake sanawaonepo. Akafunsa ndinkamuyankha kuti anali mnyamata wokonza mawailesi, anapita kukafuna ntchito kutali mimba ili ya miyezi isanu, ndipo sanabwerenso. Atakula anasiya kufunsa. Malume ake anamutcha Namakina, chifukwa ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri anamasula wotchi yapakhoma yonse n'kuibwezeretsa, wotchiyo n'kumayenda bwino kuposa kale.

Ndinalibenso wina woti ndimudikire pawindo madzulo. Anali iye yekha.

2

Lolemba la sabata imeneyo ndinkasita pakona, iye ali patebulo akukangana ndi laputopu yake.

"Masekondi khumi ndi anayi! Tsamba limodzi lokhali!"

"Ukukalipira ndani?"

"Nsapato, agogo."

Anandifotokozera kuti sitolo ina yogulitsa nsapato ili ndi tsamba lake pa intaneti. Zithunzi zake n'zolemera kwambiri, ndiye munthu akatsegula pa foni amadikira, kudikira, mpaka kutopa n'kupita kukagula kwina. Ntchito yake inali kulemba malangizo oti kompyuta izifinya zithunzizo kuti zipepuke.

"Chithunzi chilemera bwanji? Chili ndi mafupa?"

Anaseka mpaka kutsamira pampando, ine n'kumuuza kuti agwa chagada. Kenako anadzuka n'kutenga shati pamulu wa zovala zomwe ndinali nditasita. Ine moyo wanga wonse ndagwira ntchito yochapa ndi kusita zovala za anthu, ndiye anadziwa pondigwirira.

"Kufinya kuli pawiri, agogo. Kwina kuli ngati mmene mumapindira shati iyi kuti ikwane m'sutikesi. Mukafika kumene mukupita mukaifunyulula, shati ili yonse, batani lililonse lili pamalo pake. Timatero ndi zolemba, chifukwa chilembo chimodzi chikasowa zonse zasokonekera. Kwinaku ndi kwa sizasi. Mudule kansalu ka m'kati, muchotse kathumba komwe mwini wake saikamo kanthu, mufupikitse kumunsi komwe kumalowa m'buluku. Shati yapepuka kwambiri, wovala sazindikira n'komwe. Zithunzi ndi nyimbo timazitero. Koma chomwe mwadula chapita."

"Ndiye iwe umadula katundu wa eni ake?"

"Ndimadula pa kope. Choyambiriracho sitichikhudza, timachisunga chathunthu. Ukataya choyambirira wadzipha wekha."

"Udzamangidwa tsiku lina," ndinatero, n'kumulanda shati ija asanaikwinye.

3

Lachiwiri masana anabwera malume ake, mwana wanga wamwamuna, atanyamula sutikesi yakale yofiirira. Ankakonza denga kunyumba kwake ndipo anaipeza pamwamba pa siling'i.

"Amayi, ndi ya achemwali iyi. Ndinaiwala kuti ndinaisunga ine pa nthawi ya maliro."

"Zinthu za akufa sazitsegula mothamanga," ndinatero. Koma Namakina anali atagwada kale. Munali madiresi atatu, nsapato za mwana, ndi kaseti imodzi.

Anathamangira kwa mayi wa nyumba yoyandikana nafe n'kubwereka wailesi yakale ya kaseti. Analowa nayo kuchipinda kwake. "Ndione kaye ngati ikugwira," anatero, n'kutseka chitseko. Anakhalako nthawi yaitali, malume ake mpaka anatsanzika. Atatuluka maso ake anali ofiira.

"Khalani pansi, agogo."

Anaika wailesi patebulo, n'kutsamiritsa foni yake pafupi ndi sipika kuti ijambule mawu. Anadina batani.

Mwana wanga anayamba kuyimba.

Zaka makumi awiri ndi zinayi ndisanamve mawu amenewo. Anali ndi kakusasa kena pakhosi akamakwera m'mwamba, ndipo akamapuma mpweya unkamveka ngati akufuna kuseka. Ankayimbira khanda kanyimbo kongopeka yekha, khandalo likulira. Kenako anasiya n'kunena kuti, "Wamva? Ndi mwana wako ameneyo. Ali ndi mawu ngati mawailesi ako owonongeka aja." Ndinazindikira kuti ankajambulira mnyamata uja, kuti amutumizire kumene anali.

Anayambanso kuyimba. Ndipo kuseri kwa nyimboyo, patali, ndinamva geti likulira. Ndinamva kugogoda katatu. Kenako mawu a anthu awiri, mwamuna ndi mkazi, akuyankhula chapansipansi.

Tsiku limenelo ndinalidziwa. Wailesi ya mwana wanga inkakhala pawindo, ndipo windo limenelo linayang'ana kugeti. Ndinadziwa pomwepo kuti mdzukulu wanga akangomva bwinobwino zomwe anthu awiriwo ankanena, m'nyumba mwanga sadzagonamonso.

Ndinamuyang'ana chakuba. Anali atawerama, akuyang'ana pansi. Ndinati mumtima, akumvera mayi ake okha, zinazo sizikumufika.

Nyimbo itatsala pang'ono kutha, wailesi inayamba kulira ngati mbuzi yotsamwa. Namakina analumpha n'kuizimitsa. Inali itayamba kudya tepi. Anaisolola pang'onopang'ono, n'kuikulungiza ndi pensulo.

"Basi, wailesi iyi sitiyesanso. Loweruka mnzanga wa kuntchito abweretsa makina abwino ndi chingwe chake. Tikopera zonse mu kompyuta osafinya ngakhale pang'ono. Chilichonse chidzamveka, ngakhale ntchentche yomwe inadutsa tsiku limenelo." Anatembenuza kasetiyo n'kundilozera. "Taonani, agogo, apa amayi analemba kuti..."

"Mphika wanga ukupserera!"

Ndinathawira kukhitchini. Pamoto panalibe mphika. Nditabwerako m'pamene anandipatsa chenjezo lija, akukulunga kasetiyo m'kansalu n'kuiika pamwamba pa kabati.

4

Zomwe anajambula pa foni zija ananditumizira pa foni yanga, n'kundionetsa podina. Ndinapita nazo kuseri kwa nyumba, pamene timayanika zovala. Ndinamvera kakhumi, foni ili pakhutu penipeni.

Nyimbo inalipo, koma yowonda, ngati munthu akuyimbira m'ndowa. Kulira kwa geti kunkamveka pang'ono. Koma mawu a anthu awiri aja anangosanduka phokoso la masamba. Liwu ngakhale limodzi silinkatuluka.

Lachitatu ndinamuikira tiyi patebulo n'kufunsa ngati ndikungocheza.

"Bwanji za m'fonizi sizikumveka ngati za m'kaseti?"

"Ndi sizasi ija, agogo. Foni ikamajambula mawu oti itumize, imawafinya kwambiri kuti asalemere. Imasunga mawu aakulu. Ang'onoang'ono obisala kuseri kwa aakuluwo imataya, imati khutu silikuwafuna."

"Otayidwawo amapita kuti?"

"Sapita kulikonse. Kulibe basi."

"Ngakhale iweyo, ndi sukulu yako yonseyo, sungawabweze?"

"Ngakhale amene anapanga foniyo sangathe."

Anasiya kulemba n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Ndinayamba kupukuta tebulo lomwe linali loyera kale.

"N'chifukwa chake kaseti ija ili yofunika, agogo. Pali chomwe mukufuna kundiuza?"

"Tiyi akuzizira. Tiyi wozizira amadwalitsa m'mimba."

Kuyambira pamenepo mutu wanga unayamba kuwerengera zinthu zake. Mawu a mwana wanga ndili nawo m'foni. Mawu oipawo ali m'kaseti mokha. Makina a mdzukulu wanga andichitira kale theka la ntchito, adula kansalu ka m'kati. Chatsala ndi chimodzi.

Lachinayi sindinakhazikike. Ndinasesa pabwalo kawiri. Ndinalowa m'chipinda n'kuiwala chomwe ndalowera. Ndinawotcha kolala ya shati ya mwini wake, chinthu chomwe sindinachitepo zaka makumi anayi. Ndikadutsa pa kabati ndinkamva ngati kansalu kaja kakundiyang'ana.

Lachisanu m'mawa Namakina anapita ku ofesi kumsonkhano. Ndinamuperekeza mpaka pageti, n'kumuuza kuti aoloke msewu pamalo oolokera. Nditabwerera ndinakoka mpando n'kukwerapo, ine amene ndimaletsa anthu kukwera pamipando. Mbaula inali ikuyaka kale chifukwa cha makala a simbi yositira.

Kaseti sichedwa kupsa. Inapindika, inatupa matuza, tepi ija n'kupiringizika ngati tsitsi. Utsi wake unali wakuda bii.

"Agogo, mukuwotcha matayala kodi?" anafuula mayi woyandikana nafe ali kuseri kwa mpanda.

"Timapepala ta pulasitiki, amayi."

Phulusa ndinakataya kudzala. Kansalu kaja ndinakapinda n'kukabwezera pa kabati.

5

Loweruka m'mawa mnzake wa kuntchito anafika ndi makina ake m'katoni. Namakina anatambasula dzanja pa kabati n'kutsitsa kansalu kopanda kanthu.

"Agogo?"

"Mwina makoswe. Ndakhala ndikunena kuti m'nyumba muno muli makoswe."

Anakayang'ana kansaluko. Kanali kopindidwa kanayi, m'mbali mwake molingana bwinobwino, mmene ndimapindira mipango ya anthu.

"Makoswe ake odziwa kusita," anatero.

Mnzake uja anaseka, kenako anaona nkhope zathu n'kusiya. Namakina anamupepesa n'kumuperekeza kugeti. Pobwerera sanalowe m'nyumba. Ndinamuona pawindo ali kudzala, akufukula phulusa ndi kamtengo. Atalowa anatambasula chikhatho patebulo. Timasikuluwu tisanu tating'onoting'ono, takuda ndi moto, tinagubuduka n'kuima.

Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Anatsegula laputopu n'kuyamba kulemba. Pali malo ena pa intaneti kumene anthu a ntchito yakeyi amafunsana mafunso zikawavuta, ndipo ine ndinkamuona akuyankha anzake kumeneko. Tsiku limenelo wofunsa anali iye. Masana onse laputopu inkalira mayankho akamafika, iye n'kumawerenga mokweza, osati kundiwerengera ine, koma ngati akuuza khoma.

"Uyu akuti sizingatheke. Zomwe zatayidwa pofinya sizili m'fayilomo, palibe pozifufuza."

Ndinali nditaima pakhomo la kukhitchini, nsanza ili m'manja.

"Uyu akuti pali mapulogalamu odzaza mipata. Amangoyerekeza mawu omwe akanakhalapo. Akuti zidzamveka bwino, koma adzakhala mawu a kompyuta atavala diresi ya mayi ako."

Laputopu inaliranso.

"Uyu akuti, mlongo, ukuvutikiranji? Bwerera ku choyambirira ujambulenso bwinobwino. Choyambiriracho chili kuti?"

Anatseka laputopu mwakachetechete.

6

"Agogo, mumaganiza kuti sindinamve?"

Ndinakhala pa mpando womwe uja ndinakwerapo.

"Lachiwiri, kuchipinda kuja, ndinamvera ndi mahedifoni. Kawiri. Mukufuna ndikuuzeni? Mwamunayo akuti, 'Odi, amayi. Ndafika m'mawa uno, ndabwera kudzaona mwana.' Mkaziyo akuti..."

"Usanene."

"Akuti, 'Mwana anamwalira sabata yatha. Mayi ake anapita kwa achibale, safuna kukuonanso. Bwerera kumene wachokera, usadzapondenso pano.' Mawu amenewo ndimawadziwa, agogo. Andidzutsa m'mawa uliwonse moyo wanga wonse."

Ndi choncho, abale anga. Mnyamata uja anabwera. Anaima pageti langa ndi kathumba ka zovala za mwana m'manja, mwana wake akulira kuseri kwa khoma, ine n'kumuuza kuti akulirayo ndi wa anthu ochita lendi pakhomopo. Ndinali nditamva kuti wapeza ntchito kutsidya kwa malire ndipo akufuna kutenga mwana wanga ndi khanda. Mwamuna wanga anapita njira yomweyo ine ndili ndi ana awiri, ndipo ngakhale kalata sinabwere. Ndinaona mwana wanga akuvutika kudziko la eni, ine osadziwa ngakhale kuwerenga adiresi. Ndinati ndimutchinjirize. Mnyamatayo anaika kathumba kaja pansi, anagwira geti ndi manja awiri, kenako anapita. Tsiku lomwelo anakwera basi ya kutsidya kwa malire, osasiya adiresi yatsopano kwa aliyense. Mwana wanga anamudikira zaka ziwiri mpaka matenda anamutenga.

Zonsezi ndinamuuza Namakina, mawu akuthamangitsana. Anandimvera mpaka kumapeto.

"Ndinakupatsani masiku anayi," anatero. "Lachitatu ndinakufunsani. Ndimati lero tikhale pansi, timvere, inu mundiuze nokha. Ndikanalira. Ndikanakutukwanani mwina. Koma ndikanakhala, agogo. Munandilera inu."

"Mwana wanga, mawu a mayi ako tili nawo m'foni..."

"Tili ndi mbali imodzi, yodulidwadulidwa. Kaseti ili ndi mbali ziwiri. Ndinkakulozerani zomwe amayi analemba, inu n'kuthawira mphika."

Zilembo zija ndinaziona. Ndinazionanso pamene pepala lake linkapsa pa mbaula. Kwa ine zinali ngati mapazi a nkhuku.

"Analemba chiyani?"

"Mbali yoyamba analemba dzina la bambo anga. Mbali yachiwiri analemba kuti, 'Za mwana wanga, adzamvere akadzakula.' Sindinaimvere. Ndinkafuna timvere limodzi, inu ndi ine."

Kunja wina ankaitanira makala.

"Ndipo mudzifunse ichi, agogo. Kaseti yojambulira munthu, bwanji sanaitumize? Munthu ukajambula umabweza n'kumvera kaye. Amayi anaimvera. Anamva geti. Anakumvani inu. Atamva m'pamene anatembenuza kaseti n'kuyamba kuyankhula ndi ine."

Zaka ziwiri zimene zija mwana wanga ankadya nane mbale imodzi. Atadwala ndinkamusambitsa, iye n'kumandiyang'ana, osanena kanthu. Ine ndinkati ndi matenda.

7

Namakina anachoka Lolemba. Ananyamula laputopu, zovala zake ndi sutikesi ya mayi ake. Pageti ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze asakhale mpando wakutsogolo m'basi, koma mawu sanatuluke. Malume ake akuti Namakina akufunsafunsa kwa okonza mawailesi akalekale ngati alipo amene akukumbukira mnyamata uja. Akuti mtsikanayo ali bwino, akugwirabe ntchito yake. Foni yanga sayankha. Miyezi isanu ndi itatu yakwana.

Inu amene mukuwerenga, makamaka amayi anzanga amantha ngati ine, ndimvereni. Mantha amadziyesa chikondi. Amakuuza kuti dula apa pokha, kansalu ka m'kati aka, palibe adzazindikire, mwana akula bwino popanda kameneka. Ine ndinadula bambo pa moyo wa mwana, n'kumati ndamupeputsira katundu. Mlandu suwola, unandipeza ndili ndi imvi. Unandipezanso ndi mwayi, chifukwa mwanayo anali atadziwa kale ndipo ankangodikira pakamwa panga. Chinkafunika ndi kutsegula pakamwa basi. Ine ndinasankha mbaula. Ngati muli ndi chanu chomwe mwabisa pamwamba pa kabati, chitsitseni nokha mwini wake akadali pafupi, mumuonetse chathunthu, choipa ndi chabwino chomwe. Iye ndiye adziwa chosunga ndi chotaya.

Zomwe mwana wanga ananena mbali yachiwiri ija sindidzazidziwa. Kaya anandikhululukira, kaya anandinenera kwa mwana wake, kaya sananditchule n'komwe, anangomuuza za tsiku lomwe anabadwa. Ndimati ndikamasita ndipeke mawu ake, koma amatuluka anga omwe.

Chomwe chatsala ndi kanyimbo ka m'foni kaja. Ndimakamvera tsiku lililonse kuseri kwa nyumba. Kale ndikatseka maso ndinkamumva mwana wanga mmene analili, kakusasa ka pakhosi kaja, ndi kapumidwe kofuna kuseka. Foni inataya zimenezo, inati khutu silikuzifuna. Ndamvera kambirimbiri moti mutu wanga wazolowera za m'fonizo. Sabata yatha ndinayesa kumukumbukira akundiitana kuti "amayi" kuchokera kuchipinda. Anandiitanadi, koma ali m'ndowa.